Besi yochita kupangitsa si ya aliyense

Mu 1974 mnyamata wina wa ku New York, Anthony Jackson, anapita kwa mmisiri wa magitala dzina lake Carl Thompson ndi pempho limene anzake ambiri ankati n'lamisala. Ankafuna gitala ya besi ya nsambo 6, yochunidwa mwa njira imene panalibe fakitale inkapanga: nsambo zinayi za masiku onse, E, A, D ndi G, kuwonjezapo ina yonenepa ya B ya mawu apansi kwenikweni, ndi ina yowonda ya C ya mawu apamwamba. Sikuti anali wophunzira kumene. Chaka chapitacho besi yake ndi imene inatsegulira nyimbo ya The O'Jays yotchedwa "For the Love of Money", ndipo inagwira mtima eni ake mpaka anamulemba m'gulu la opeka nyimboyo. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti mu situdiyo woimba kiyibodi akatsikira ku mawu apansi, besi ya nsambo zinayi inkathera panjira. Ankachita kumasula nsambo kuti zitsike, koma nsambo yomasula imakhala lende, imagunda khosi la gitala, mawu ake n'kumveka osokonekera.

Thompson anamaliza ntchitoyo mu 1975. Jackson ataigwira anapeza kuti nsambo zathithikana kwambiri, zala sizikuyenda momasuka, ndipo sanakhalitse nayo. Anapita kwa mmisiri wina, Ken Smith, kenako kwa Vinny Fodera ndi Joey Lauricella, amene anatsegula malo awo ku Brooklyn mu 1983. Anavutana nawo zaka zingapo, kupanga, kuyesa, kusintha, mpaka inatuluka besi ya kumtima kwake: nsambo zotalika mainchi 36, pickup (maginito omva kunjenjemera kwa nsambo) imodzi yokha, popanda ngakhale kabatani kamodzi kokwezera kapena kutsitsira mawu. Kusintha kamvekedwe inali ntchito ya dzanja lake.

Aliyense amene akulota besi yochita kupangitsa kwa mmisiri ayenera kudziyeza ndi nkhani imeneyi. Jackson anapita kwa amisiri atanyamula vuto limene ankatha kulitchula. Woimba amene sangathe kunena chimene besi yam'sitolo ikumulepheretsa kuchita, ndalama zake zikangogula matabwa okongola ndi dzina lolembedwa kumutu kwa gitala.

Ndipo olota alipo ambiri. Mnyamata woimba besi m'bandi ya kutchalitchi ku Ndirande kapena ku Area 25 amaonera Victor Wooten wa ku America ndi Richard Bona wa ku Cameroon pa YouTube, n'kuona kagulugufe kolembedwa kumutu kwa mabesi awo a Fodera, basi n'kutsimikiza mumtima kuti chinsinsi chili pamenepo. Besi ya Fodera yochita kupangitsa imapyola madola 10,000 mosavuta.

Koma mbiri ya chida chimenechi ikunena zina. Paul Tutmarc wa ku Seattle anapangapo besi yamagetsi yonyamula ngati gitala m'zaka za m'ma 1930, koma sinayende malonda. Amene anaifikitsa kwa anthu ndi Leo Fender, munthu wokonza mawailesi ku Fullerton m'chigawo cha California, amene ngakhale gitala sankadziwa kuimba. Besi yake ya Precision inatuluka mu 1951, ndipo ya Jazz inatsatira mu 1960. Fender sankaganiza za ulemerero. Anatenga thabwa lathyathyathya, n'kumangirirapo khosi ndi masikuluwu anayi kuti likawonongeka lizingomasulidwa n'kuikapo lina, n'kusankha kuti nsambo zizitalika mainchi 34. Muyezo umenewo ndi umene mafakitale ambiri akutsatira mpaka lero.

Pa besi yam'fakitale ngati imeneyo m'pamene James Jamerson anaimbira nyimbo zosawerengeka za kampani ya Motown ku Detroit, kuphatikizapo "What's Going On" ya Marvin Gaye ya mu 1971. Precision yake ya 1962 anaisiya mmene anaipezera. Nsambo sankasintha pokhapokha imodzi itaduka, zinali kutali ndi khosi moti anzake akaibwereka ankalephera kuiimba, ndipo iye ankaikhwatcha ndi chala chimodzi chokha, chamkombaphala. Aston "Family Man" Barrett, amene besi yake m'gulu la Bob Marley inaphunzitsa oimba rege dziko lonse, ku Chileka komwe, ankadalira Fender Jazz.

Chitsanzo chapafupi ndi Bakithi Kumalo wa ku Johannesburg. Paul Simon atapita ku South Africa mu 1985 kukayamba kujambula chimbale cha Graceland, Kumalo anafika ndi besi ya Washburn yopanda mafureti, tizitsulo tija todutsa pakhosi tosonyeza podina chala. Mwini wake wakhala akunena kuti anagula imeneyo chifukwa ndi imene inali yotchipa m'sitolo. Kabesi kothamanga ka mu "You Can Call Me Al", kamene oimba besi amapikisana nako mpaka lero, kanachokera m'manja amenewo. Ndipo pali kachinsinsi kena: Kumalo anaimba theka loyamba lokha, theka lachiwiri ndi lomwelo litaseweredwa chobwerera m'mbuyo pa tepi. Palibe mtengo wa m'nkhalango iliyonse umene ukanatulutsa zimenezo.

Jaco Pastorius anali pakati pa besi yam'sitolo ndi yochita kupangitsa. Anatenga Fender Jazz ya 1962, n'kuzula mafureti yekha, n'kumata timipata take, kenako n'kupaka khosi guluu wolimba wa epoxy amene amapaka maboti, kuti nsambo zisamadye thabwa. Nayenso ankadziwa mawu amene ankawafuna asanagwire chida chilichonse.

Izi sizikutanthauza kuti amisiri amangodya ndalama za anthu. Zinthu zambiri zimene zili pa besi yotchipa lero zinabadwira m'timashopu ta amisiri. Kampani ya Alembic, imene Ron ndi Susan Wickersham anayambitsa mu 1969 akugwira ntchito ndi gulu la Grateful Dead, inapangira Jack Casady wa Jefferson Airplane besi yoyamba ya kampaniyo mu 1972. Inali ndi khosi lodutsa mpaka kumapeto kwa thupi la gitala m'malo momangirira ndi masikuluwu, komanso timakina tamagetsi m'kati mwake tokometsera mawu asanafike ku ampulifaya. Stanley Clarke ataigwira besi ya Alembic sanaisiyenso. Ku New York, Roger Sadowsky anaika kamakina kotere mu Fender Jazz ya 1977 ya Marcus Miller, ndipo mawu akuthwa a Miller aja anayambira pamenepo. Ku Saskatoon m'dziko la Canada, Sheldon Dingwall anatenga nzeru ya Ralph Novak yopendeketsa mafureti, kuti nsambo ya B italike mainchi 37 pamene ya G ikhale mainchi 34, popeza nsambo yonenepa imamveka bwino ikatalika. Lero besi ya nsambo 5 imapezeka paliponse, ndipo Marcus Miller yemweyo anagwirizana ndi kampani ya Sire, imene kuyambira cha m'ma 2015 yakhala ikugulitsa mabesi a dzina lake opangidwa ku Indonesia pa madola mazana owerengeka. Amene analipira amisiri zaka 50 zapitazo analipirira aliyense. Ndiye chifukwa chake mpata wa pakati pa besi yam'sitolo ndi yochita kupangitsa wachepa kwambiri: makina oyendera kompyuta amasema khosi molondola ku Indonesia chimodzimodzi ndi ku America.

Chimene mmisiri amapambana nacho fakitale ndi thupi la woimba. Besi wamba imalemera makilogalamu 4 kapena kuposa pang'ono. Woimba wa msana wovuta amene amaima maola anayi paukwati amadziwa kuti theka la kilogalamu si nkhani yamasewera. Wa zala zazifupi angafune nsambo zotalika mainchi 30 kapena 32. Wamanzere amavutika kupeza yake m'sitolo. Ngakhale Paul McCartney, mu 1961 ku Hamburg, anachita kuitanitsa Höfner yamanzere. Pamenepa besi yopangitsa ili ngati suti yosoketsa kwa telala: imakhala bwino pathupi pokhapokha miyezo itatengedwa molondola, apo ayi yakaunjika imaiposa.

Miyezoyo ndi imene imagwetsa ambiri. Mmisiri weniweni asanadule thabwa amafunsa mafunso. Nsambo zitalikirane mamilimita 19 kumunsi, monga pa Fender, kapena 17, monga pa mabesi ambiri a nsambo 5? Woimba wokonda kumenya nsambo ndi chala chachikulu n'kumazikoka amafuna mpata waukulu kuti chala chilowe, pamene wothamanga ndi zala ziwiri angakonde zoyandikana. Khosi likhale lonenepa lodzaza m'dzanja kapena lopyapyala? Mafureti akhale 20 kapena 24? Pickup ikhale pafupi ndi khosi, kumene mawu amakhala ofewa ndi akuya, kapena kumunsi, kumene amakhala owuma ndi akuthwa? Mukhale batire kapena ayi? Mayankho a mafunso amenewa sapezeka pa intaneti. Amachokera m'zaka zoimba mabesi osiyanasiyana, kuwakonda ndi kudana nawo. Woimba amene ayankhe kuti "mungoona inuyo bwana" adzalandira besi ya kukonda kwa mmisiri, atalipira yekha.

Nanga matabwa? Apa m'pamene otsatsa malonda amathera mawu. Zoona zake n'zakuti pa besi yamagetsi pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wowonda, ndipo chimene amamva ndi kunjenjemera kwa nsambo yachitsulo. Thabwa lili ndi gawo lake: kulimba kwa khosi kumathandiza kuti mawu akhalitse, ndipo mtundu wa mtengo ndi umene umalemeretsa kapena kupeputsa gitala. Koma kathabwa kokongola komata pamwamba, kamene kamakweza mtengo ndi madola mazanamazana, n'kodyetsa maso. Oimba amakangana za nkhaniyi usiku wonse, koma bandi yonse ikayamba, ng'oma zikulira, palibe wovina amene anganene kuti besiyo ndi ya mtengo wanji.

Chochititsa chidwi n'chakuti mitengo yambiri imene amisiri a ku Ulaya ndi ku America amanyadira ndi ya mu Africa muno. Kampani ya Warwick ya ku Germany, imene Hans-Peter Wilfer anayambitsa mu 1982, inatchuka ndi makosi a wenge ndi matupi a bubinga, mitengo ya m'nkhalango za ku Cameroon, Gabon ndi Congo. Mbale wake wa wenge, panga-panga, amachokera ku Mozambique. Mbawa yomwe ino imalowa m'magitala m'malo mwa mahogany a ku America. Mitengoyi yadulidwa mosasamala mpaka pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi, linalowererapo. Mu January 2017 linaika bubinga ndi mitengo yonse ya banja la phingo pa mndandanda wofuna zilolezo, zimene zinasokoneza malonda a magitala mpaka mu 2019 pamene zida zoimbira zomalizidwa kale anazichotsapo. Chaka chomwecho cha 2019, Malawi ndi amene anapempha kuti mukula ndi mkungudza wa ku Mulanje zilowe pa mndandandawo, ndipo mu 2022 mlombwa, mbawa ndi msambamfumu zinalowanso. Choncho wopangitsa besi ali ndi udindo wofunsa kumene thabwa lake lachokera. Ndipo n'zowawa kuganiza kuti chipika chimachoka kuno pa mtengo wolira, n'kukasanduka chida chimene woimba wa kuno sangachikwanitse.

Kukhala nayo besiyo ndi nkhani inanso. Mmisiri amafuna ndalama zina patsogolo, kenako woimba amadikira miyezi, kwa amisiri otchuka mwinanso zaka. Kwa Mmalawi pali kusaka ndalama zakunja, kulipira ndege, ndiponso msonkho ikafika. Tsiku limene mavuto adzamugwere n'kufuna kuigulitsa, adzapeza kuti Fender yakale ili ndi ogula ambiri, pamene besi yosemedwa motsatira dzanja la munthu mmodzi, ya mmisiri wosadziwika, ogula ake ndi ochepa ndipo amanenerera mopanda chisoni. Kamakina kam'kati kakapsa, wokonza mawailesi pamsika sangapeze kena. Batire la mavoti 9 lija limatha ngati chingwe chasiyidwa chili cholumikiza usiku wonse, ndipo limakonda kufa pakati pa nyimbo. Akuba nawo sagona: besi ya Jamerson inabedwa iye atatsala pang'ono kumwalira mu 1983 ndipo sinapezekenso, pamene ya Pastorius inabedwa ku New York mu 1986 n'kudzaoneka patapita zaka pafupifupi 20.

Nyengo yathu nayo siona mtengo wa gitala. Nsambo zinayi zimakoka khosi ndi mphamvu yokwana makilogalamu 70 kapena kuposa, usana ndi usiku. M'dzinja thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma. Mu October limauma n'kunyala, mapeto a mafureti n'kutulukira m'mbali kumacheka zala. Besi yosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa la ku Nsanje imapindika, kaya ndi ya madola 200 kaya 10,000.

Palinso sipika. Nsambo ya E imanjenjemera maulendo 41 pa sekondi, ya B maulendo 31. Kasipika kakang'ono sikangatulutse mawu otsika chonchi, ndipo foni, imene anthu ambiri amamvera nyimbo masiku ano, ndiye ayi ndithu. M'matchalitchi ndi m'maholo ambiri besi imalowa m'masipika omwewo amene mukudutsa mawu a kwaya ndi a abusa, ndipo chimene chimamveka kumbuyo ndi phokoso longoti duu, losadziwika kuti ndi noti iti. Kulumikiza Fodera ku zipangizo zotere n'kutaya ndalama. Besi yotchipa yolumikizidwa ku ampulifaya yabwino imamveka bwino kuposa besi yodula yolumikizidwa ku ampulifaya yofooka, ndipo woimba aliyense amene wayendapo ndi bandi angachitire umboni.

Komatu Amalawi si alendo pa nkhani yodzipangira besi. Babatoni, besi ya nsambo imodzi, yakhala ikulira kuno kuyambira nthawi ya kwela. Inalipo m'bandi ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, imene katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anaijambula mu 1967. Ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi yotalika pafupifupi mamita atatu. Kumunsi kwake kuli ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, nsambo yake ndi waya wochokera m'tayala, ndipo iye amakhala pansi, dzanja lina likumenya wayayo ndi kamtengo, lina likutsetsereza botolo kuti mawu akwere kapena atsike, phazi likugunda ng'oma ina. Yobu Maligwa wa Madalitso Band anachoka ndi babatoni yake m'misewu ya Lilongwe, iye ndi mnzake Yosefe Kalekeni, n'kukaimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, kenako ku Ulaya. Anthu awa anachita zimene Jackson anachita: anamva mawu m'mutu, n'kupanga chida chowatulutsa. Ku Zimbabwe, Alick Macheso, mwana wa makolo ochokera ku Malawi amene amaimbanso m'Chichewa, anatenga besi kuichotsa kumbuyo kwa bandi n'kuiika patsogolo pa nyimbo za sungura. Makamu amene amadzaza m'madansi ake amapita kukaona zala zake, ndipo ndi ochepa amene angatchule dzina la gitala imene wanyamula.

Chimene chikusowa kuno si besi ya ku Brooklyn, koma munthu wodziwa kukonza imene ilipo kale. Mabesi ambiri a m'matchalitchi ndi m'mabandi athu amavuta kuimba chifukwa chiwagulireni palibe anawakhudza. Ntchito yake si yovuta. Mmisiri amadina nsambo pa fureti yoyamba ndi yomaliza nthawi imodzi, n'kuyang'ana mpata wotsala pakati pa khosi: uyenera kungokwana kapepala kokhuthala pang'ono. Ukakula, amalowetsa kasipanala kumutu kapena kutsinde kwa khosi, kumene kuli chitsulo chodutsa m'kati, n'kupotoza pang'ono chabe, osapyola kota, kenako n'kudikira kuti thabwa likhazikike. Akatero amatsitsa kapena kukweza tizitsulo tonyamula nsambo kumunsi, n'kuyesa ngati noti ya pa fureti ya nambala 12 ikugwirizana ndi ya nsambo yosadina. Akaika nsambo zatsopano n'kuwotcherera mawaya omasuka, mwini gitala amadabwa ngati ndi yake yomwe ija. Zonsezi sizitenga tsiku.

Mmisiri amene wazolowera ntchito imeneyi ndi amene mawa angaseme khosi. Akalipentala athu amatulutsa zitseko, mabedi ndi matebulo a mlombwa ndi mbawa ooneka bwino. Chimene akusowa ndi kudziwa kuumitsa thabwa mpaka litasiya kuyenda, kuyeza malo a mafureti osaphonya ngakhale theka la milimita, ndi kulumikiza za magetsi. Thabwa laliwisi logula pamsika lero silingakhale khosi la besi mwezi wamawa. Koma izi n'zophunzitsika, ndipo besi yopangidwa ku Lilongwe ingakhale ndi mwayi umene ya kunja ilibe: thabwa lake lazolowera nyengo ya kuno, ndipo ikavuta, woipanga ali pamtunda wokwera minibasi.

Woimba amene wakhala pa besi zaka zambiri, amadya za besiyo, ndipo angathe kulemba papepala zinthu zitatu zimene chida chake chikumukaniza, apangitse. Ndalama zakezo sizipita pachabe. Ena onse, pamodzi ndi makomiti a matchalitchi amene akusonkhetsa za zida zatsopano, ayambe agula ampulifaya yabwino ya besi ndi nsambo, n'kulipira munthu wowongola khosi la gitala imene ali nayo kale. Ndipo bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, liganizire zoika kukonza ndi kupanga zida zoimbira pambali pa ukalipentala ndi zamagetsi, chifukwa makasitomala ake alipo kale m'tchalitchi chilichonse chimene chili ndi bandi.